Penti inauma kale, chimene chikuyenda ndi diso: mmene mitundu imagwedezera zithunzi za mizere ndi masikweya

Munthu akaima patsogolo pa chithunzi chopanda nkhope, chopanda mtengo kapena nyumba, chongokhala mizere, masikweya ndi zozungulira, funso lake loyamba limakhala lakuti, "Nanga ichi n'chiyani?" Mudzalimva funsoli mukapita kukaona zojambula ku Henry Tayali Gallery mu Showgrounds kapena ku Lusaka National Museum. Ena amati n'chitenje chopachika pakhoma, ena amati ngakhale mwana wa giredi 3 angachite. Koma munthu yemweyo akakhala mphindi imodzi osachotsapo maso, amayamba kuona sikweya yofiira ikubwera kutsogolo, yabuluu ikuthawira mkati, ndipo malire a mitundu iwiri akunjenjemera ngati msewu wa tala masana a October. Wojambula anachita kuwerengera kuti zitero, ndipo kuwerengera kumeneko kumaphunzirika.

Zithunzi zotere amazitchula abstract chifukwa sizifanizira munthu, nyama kapena malo. Pano tikunena za zija zomangidwa ndi rula ndi kampasi, zokhala ndi malire akuthwa ndiponso penti yosalala yosaonetsa mmene bulashi inadutsira. Ku Ulaya zinamveka kwambiri mu 1915, pamene Kazimir Malevich anaonetsa sikweya yakuda pa nsalu yoyera ku Petrograd, ku Russia, komanso mu 1917 pamene gulu la De Stijl, la Theo van Doesburg ndi Piet Mondrian, linayamba ku Netherlands. Diso la munthu wa kuno silinayambe kuziona m'mabuku. Lichero, mkeka, madengu a Atonga, makoma okongoletsedwa ndi katondo, phulusa ndi makala kumidzi ya ku Chipata ndi Katete, zonsezi ndi mizere ndi makona. Amene amati "n'chitenje" sanaphonye kwenikweni. Kungoti chitenje cha ku Kamwala chimabwereza dizaini imodzimodzi mpaka kumapeto kwa mpukutu, ndipo diso likangozindikira kubwerezako limakhala pansi n'kupuma. Wojambula wofuna kuti chithunzi chiyende amabwereza, kenako n'kusokoneza kubwerezako mwa muyezo.

Ophunzira ambiri, ngakhalenso ena amene anayamba kale kugulitsa, amasankha penti potsatira dzina: yofiira, yachikasu, yobiriwira. Pamenepo m'pamene chithunzi chimafera. Mtundu uliwonse uli ndi zinthu zitatu. Pali dzinalo. Pali kuwala kapena kudera kwake, kutanthauza pamene ungagwere pakati pa choyera ndi chakuda mutaujambula ndi kamera yosatulutsa mitundu. Ndiye pali ukali wake: kufiira kwa tomato wakupsa n'kwaukali, kufiira kwa njerwa yowotcha n'kofatsa. Pa zitatuzi, chimene chimalamulira kuyenda ndi kuwala ndi kudera, ndipo n'chimene anthu amachiiwala. Pa muyezo wa Munsell, umene umayambira pa 0, chakuda bii, kukafika pa 10, choyera mbee, chikasu chotuluka m'chubu chimakhala cha m'ma 8, kufiira cha m'ma 4, pamene buluu wa ultramarine amatsikira cha m'ma 2. Choncho chikasu ndi buluu zikayandikana, diso limaona chowala ndi chodera lisanaone n'komwe kuti n'chikasu ndi buluu.

Mtundu sukhala wokha. Michel Eugène Chevreul, amene ankayang'anira ntchito yonyika ulusi mu utoto ku fakitale ya Gobelins ku Paris kuyambira 1824, analandira madandaulo akuti ulusi wakuda ukutuluka wofooka. Atauyesa anapeza kuti utotowo unalibe vuto. Chakudacho chinkaoneka chofooka chifukwa cholukidwa pafupi ndi buluu ndi pepo. Mu 1839 anasindikiza lamulo limene ojambula akuligwiritsabe ntchito: mtundu uliwonse umakankhira woyandikana nawo ku mtundu wotsutsana nawo. Kufiira kumapangitsa mnzake kuoneka wobiriwirako, buluu amam'kankhira ku olenji, chikasu ku pepo. Chowala chimadetsa mnzake, chodera chimamuwalitsa.

Izi musazikhulupirire musanaziyese. Dulani tizidutswa tiwiri ta masentimita 2 mbali zonse kuchokera pa envelopu imodzi ya khaki. Kamodzi ikani pakati pa pepala labuluu wodera la masentimita 10 mbali zonse, kachidutswa kenako pa pepala lachikasu chowala, n'kuwagundanitsa mapepalawo. Ka pabuluu kaoneka kowala ndi kotentherapo, ka pachikasu kaoneka kodera ndi kotuwa, moti mungalumbire kuti si envelopu imodzi. Mukayesa ndi kachidutswa kofiira kwaukali, kusinthako kumachepa. Mitundu yofatsa ndi imene imamvera anzake, yaukali imalamula. Wojambula Josef Albers ankaphunzitsa ndi mapepala chonchi ku Black Mountain College ndi ku yunivesite ya Yale ku America, ndipo kuyambira 1950 mpaka imfa yake mu 1976 anajambula zithunzi zoposa 1,000 za Homage to the Square, masikweya atatu kapena anayi ovekana. Sankawaika pakati penipeni. Mpata wa pansi unali gawo limodzi, wa m'mbali magawo awiri, wa pamwamba magawo atatu. Kutsetserekera pansi kumeneku n'kumene kumachititsa kuti masikweyawo azioneka ngati khomo lolowera mkati, kapena ngati masitepe otulukira kunja, malinga ndi mitundu imene waika.

Tsopano kunjenjemera kwa malire. Gawo la ubongo limene limadziwa pamene chinthu chili ndi kumene chikupita limadalira kwambiri kusiyana kwa kuwala ndi kudera, ndipo mitundu siliiona bwino. Gawo lina ndi limene limasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira. Mukagundanitsa mitundu iwiri yotsutsana, yonse yaukali, koma yofanana kuwala kwake, gawo loona mitundu limati malire alipo, pamene gawo loona malo likulephera kuwagwira. Maso nawonso sakhala phee ngakhale mutayang'anitsitsa chinthu chimodzi, amadumphadumpha pang'onopang'ono kamodzi kapena kawiri pa sekondi. Chotsatira chake malirewo amaoneka ngati akuwira. Kuti mupeze zimenezi, tengani kufiira kopita ku olenji ndi buluu wopita ku kubiriwira. Buluuyo ndi wodera kuposa kufiirako, ndiye muzimuthira penti yoyera pang'onopang'ono, n'kumapaka tizigamba togundana papepala. Tikauma, tijambuleni ndi foni n'kusintha chithunzicho kuti chikhale chopanda mitundu. Pamene tizigamba tiwiri tasanduka kutuwa kumodzi, malire osaoneka, mwafika. Foni siona ndendende ngati munthu, ndiye tsirizani ndi kutsinzina pang'ono mukuyang'ana: malire akasungunuka, ndi pomwepo.

Nzeru imeneyi ndi tsabola. Wophunzira akaizindikira amafuna kuithira paliponse, chinsalu chonse n'kumawira, munthu akuyang'ana masekondi asanu mutu n'kuyamba kuwawa, n'kutembenuka. Chithunzi chabwino chimakhala ndi malo amodzi kapena awiri owira, ndipo kwina konse malire amakhala olimba, chowala pafupi ndi chodera, kuti diso likhale ndi popumira lisanabwererenso. Pamene malire akuwira inu simukufuna, pali njira ziwiri: kudetsa kapena kuwalitsa mtundu umodzi ndi masitepe awiri a Munsell, kapena kudutsitsa mzere wakuda pakati. Mzere wakuda umaletsa mitundu kukankhana. Onani zojambula za mayi Esther Mahlangu a ku South Africa, amene mu 1991 anapaka galimoto ya BMW mwa chikhalidwe cha Andebele. Mitundu yawo ndi yaukali kwabasi, koma uliwonse uli m'khola lake la mzere wakuda ndi woyera, choncho chithunzi chimavina popanda kulasa maso.

Mondrian anakhala zaka zambiri akumanga ndi mizere yakuda yomweyo, ndipo zithunzi zake za nthawi imeneyo ndi zodekha. Atasamukira ku New York mu 1940 anaisiya. Mu Broadway Boogie Woogie, chimene anachijambula mu 1942 ndi 1943 pa nsalu ya masentimita 127 mbali zonse, mizere ndi yachikasu, yoduladula ndi timasikweya tofiira, tabuluu ndi totuwa. Chikasu ndi kutuwa kowalako n'zoyandikana kuwala kwake ndi malo oyera ozungulira, ndiye mizereyo simagwira pansi mwamphamvu. Timasikweya tofiira ndi tabuluu, tomwe ndi todera, timatsala tikuonekera ngati mikanda, ndipo poti mipata yake si yofanana, diso limalumpha kuchoka pa kena kupita pa kena ngati likutsata ng'oma yokhala ndi kugunda kobisika. Akanati mizere ija ikhale yakuda, kulumpha konseku kukanatha.

Kuyenda kwina ndi kwa kutsogolo ndi kumbuyo. Anthu ambiri amaona kufiira kukubwera patsogolo pa buluu, makamaka zikakhala pa malo akuda, chifukwa diso silipinda kuwala kofiira ndi kwabuluu mofanana. Alipo ena amene amaona mosemphana, choncho musamange chithunzi chonse pa mfundo imeneyi yokha. Zodalirika kwambiri ndi izi: chaukali chimabwera patsogolo pa chofatsa, ndipo chimene chasiyana kwambiri kuwala kwake ndi malo ochizungulira chimatuluka. Kukula kwa malo nakonso kuli ndi mawu. Johannes Itten, mphunzitsi wa pa sukulu ya zaluso ya Bauhaus ku Germany, ankaphunzitsa kuti chikasu chimalingana mphamvu ndi pepo chikatenga gawo limodzi pepo atatu, olenji ndi buluu limodzi kwa awiri, kufiira ndi kubiriwira theka ndi theka. Manambalawa si lamulo la chilengedwe, koma ndi poyambira pabwino. Mukawatsatira chithunzi chimakhala pansi. Mukafuna chipendekere mbali ina, muwaphwanye dala.

Mitundu itakhala kuti palibe, miyezo yokha imatha kupinda thabwa losalala. Wojambula wa ku England Bridget Riley anaonetsa zimenezi mu 1961 ndi Movement in Squares, masikweya akuda ndi oyera ngati bolodi la drafuti, amene kutalika kwake sikusintha koma m'lifupi akunka nachepa mpaka kuoneka ngati akulowa m'chigwa n'kutulukanso. Mungayese mfundo yomweyi pa thabwa la mamilimita 600 mbali zonse. Siyani mamilimita 16 kumanzere. Kenako lembani mipata ya mamilimita 80, 64, 51, 41, 33, 26, 21, 17, 13 ndi 11, uliwonse ukhale pafupifupi magawo anayi mwa asanu a wam'mbuyo mwake. Pobwerera kulitsani mofulumira: 16, 24, 36, 54 ndi 81. Yonse ikwana 568, ndipo kumanja kutsala 16. Mizere yogona ikhale isanu ndi iwiri, ya mamilimita 80 uliwonse, kusiya 20 pamwamba ndi 20 pansi. Chigwacho chigwera pa mamilimita 373, kumanja kwa pakati, ndipo mbali imodzi itsika mofatsa, inayo ikwera motsetsereka. Mukachiika pakati penipeni, mbali ziwiri zimalingana ndipo chithunzi chimauma ngati buku lotsegula. Taonaninso kuti tachepetsa pochulukitsa, osati pochotsa. Mukamangochotsa mamilimita 7 nthawi iliyonse, diso siliona kupindika kosalala, limaona kusintha pang'ono poyamba kenako kugwa mwadzidzidzi kumapeto.

Mzere woimirira ndi wogona zimagwirizana ndi mmene thupi limaimira pa nthaka, ndiye n'zodekha. Wopingasa umaoneka ngati ukugwa kapena ukukwera. Van Doesburg atayamba kuugwiritsa ntchito chapakati pa zaka za m'ma 1920, Mondrian anachoka mu De Stijl. Wopingasa wa madigiri 45 ndi wodekhako chifukwa umagawa kona pakati. Wa madigiri 10 kapena 15 ndi umene umasautsa diso, chifukwa limafuna kuuwongola. Palinso ndondomeko imene Akiyoshi Kitaoka wa ku Japan anaitchukitsa mu 2003 ndi zozungulira zooneka ngati njoka: chakuda, buluu wodera, choyera, chikasu, kubwereza momwemo kuzungulira bwalo. Mabwalowo amaoneka akuzungulira mukawaonera m'mbali mwa diso, n'kuima mukawayang'anitsitsa. Mukatembenuza ndondomekoyo, amazungulira chakumbuyo.

Zonsezi zimafa ngati manja sanagwire bwino, chifukwa chithunzi chotere chilibe pobisalira. Dontho limodzi lodutsa malire limakoka diso kuposa mitundu yonse.

Thabwa la hardboard kapena MDF limaposa chinsalu pa ntchito ya tepi, imene timamata kuti malire a penti atuluke owongoka, chifukwa penti ilibe timaenje toyendamo. Lipakeni kaye acrylic medium, guluu wa penti ya acrylic wopanda utoto, kawiri, mbali zonse ndi m'mphepete. Mukadumpha sitepe imeneyi, zamadzimadzi za m'thabwa zimakwera n'kusandutsa choyera chanu chachikasu, ndipo thabwa lopakidwa mbali imodzi limapindika nthawi ya mvula. Kenako gesso, penti yoyera yoyambira, katatu, kusinthasintha kumene bulashi ikulowera, n'kukwecha ndi sandipepa ya 220 pakati pake. Lembani ndi pensulo yolimba ya 2H mopepuka. Yofewa imasakanikirana ndi penti yachikasu n'kuidetsa. Miyezo yonse muziyambira pa kona imodzi mukuphatikiza, 16, 96, 160, 211, osati kusuntha rula pa mpata uliwonse, apo ayi theka la milimita lolakwika limachulukana mpaka mpata womaliza kusowa malo.

Tepi ndi imene imaliritsa ambiri. Ikaniyo, tsinderani m'mphepete ndi chikhadabo kapena khadi lakale la pulasitiki, kenako pakani m'mphepetemo kaye penti ya mtundu umene uli pansi, kapena medium yosaoneka. Imeneyi ndi imene imalowa m'timipata n'kutitseka. Ikauma, pakani mtundu weniweni ndi bulashi yofewa yafulati, kuchokera pa tepi kulowa mkati, osati kukankhira pansi pa tepi. Kawiri kapena katatu mopyapyala kuposa kamodzi kokhuthala. Chotsani tepi penti yomaliza isanaumitsitse, mukuikokera kumbuyo mopendeketsa. Mukaisiya mpaka mawa, acrylic imasanduka khungu limodzi ndi tepi n'kung'ambika. Musamate tepi pa penti imene sinagone usiku, ndipo ngati tepi ndi yomata kwambiri, imateni kaye pa malaya kuti ifooke. Pa drafuti ija, pakani thabwa lonse loyera, kenako masikweya akuda a mzere woyamba, wachitatu, wachisanu ndi wachisanu ndi chiwiri, mawa lake otsalawo, kuti makona akumane bwino.

Acrylic imadera ikauma, chifukwa guluu wake amakhala ngati mkaka akadali wonyowa n'kuyera ngati galasi akauma. Mtundu muziuweruza pa kachigamba kouma basi. Sakanizani wokwanira ntchito yonse n'kutsalako, musunge m'kabotolo kotseka, chifukwa kusakanizanso wofanana ndendende n'kosatheka. Werengani manambala a pa chubu m'malo mwa dzina: PW6 ndi titanium yoyera yobisa bwino, PB29 ultramarine, PB15 phthalo amene kadontho kake kamagonjetsa supuni ya yoyera, PR108 cadmium yofiira yobisa bwino koma yapoizoni, yosayenera kuikwecha youma. Zachikasu monga PY3 ndi PY74 n'zoonekera mkati, ndiye pansi pake pazikhala poyera. Madzi asapitirire gawo limodzi pa magawo atatu a penti. Mukafuna yoyenda kwambiri onjezani medium. Penti zowala ngati za majekete a apolisi a pamsewu zimakopa m'sitolo, koma zimasuluka msanga, ndipo dzuwa la Lusaka, mzinda wokwera mamita oposa 1,200, silichedwa nazo. Penti ya PVA ya makoma ndi yotsika mtengo ndipo imagona mosalala, yabwino kuphunzirira, koma utoto wake ndi wochepa ndipo imapukutika. Posakaniza masitepe ochoka pa chowala kupita pa chodera, kuthira muyezo wofanana nthawi iliyonse kumapereka masitepe aakulu poyamba, osaoneka kumapeto. Yambani ndi kuwirikiza, 1, 2, 4, 8, kenako konzani ndi diso.

Nyengo nayo ili ndi mbali. Mu September ndi October penti imauma pa bulashi musanafike kumapeto kwa mzere, n'kusiya mikwingwirima, choncho pakani m'mawa ndipo thiranimo retarder, mankhwala ochedwetsa kuuma, pang'ono. Mphepo ya August imabweretsa fumbi limene limaonekeratu pa malo osalala: tsekani mawindo, wazani madzi pansi, ndipo thabwa liume litavindikiridwa ndi katoni. M'mamawa wa June ndi July kuzizira kukatsika pansi pa madigiri 10, acrylic siigwirana bwino ndipo imatha kung'aluka. Ogwiritsa ntchito penti ya mafuta asafulumire kupaka pamwamba pa ina. Sikweya yakuda ya Malevich, imene ili ku Tretyakov Gallery ku Moscow, inapakidwa pamwamba pa chithunzi china, ndipo lero ndi ming'alu yokhayokha, mitundu ya pansi ikusuzumira. Pa acrylic, vanishi ikani pakapita sabata imodzi kapena iwiri, mutaiyesa kaye pa kachigamba: yonyezimira imazamitsa zodera, yosanyezimira imatuwitsa chakuda, ndipo zonsezi zimasuntha kuwala kumene munakulinganiza movutikira. Albers ankalemba kumbuyo kwa thabwa dzina la penti iliyonse ndi kampani yake. Chitani chimodzimodzi, wodzakonza chithunzicho chikadzakandika adzakuthokozani.

Chomaliza kuchiyesa ndi kuwala kwa m'chipinda chimene chithunzi chikapachikidwe. Babu lachikasu limawalitsa kufiira n'kudetsa buluu, babu la LED loyera mopita ku buluu limachita mosemphana. Kukamada zimasinthanso: Jan Purkyně wa ku Bohemia, kumene lero ndi ku Czech Republic, anazindikira cha m'ma 1820 kuti m'chisisira kufiira kumada msanga pamene buluu ndi kubiriwira zimatsala zikuwala. Malire amene amawira masana amatha kuima chilili madzulo magetsi akathima, sikweya yofiira ija n'kusanduka dzenje lakuda. Tizigamba tanu toyesera tiikeni pakhoma lomwelo, mutione masana, mutione babu litayaka, mutionenso dzuwa litangolowa, musanatsegule botolo lalikulu.